Bishopu Charles Mackenzie ndi Atsikana a ku Magomero

Munthu akaima ku Bangula, m'boma la Nsanje, nayang'ana kutsidya kwa mtsinje wa Shire, amaona dera la Chiromo. Pamenepo ndi pamene mtsinje wa Ruo, wochokera ku phiri la Mulanje, umathira m'Shire. Kumtunda kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, kwao kwa ng'ona, mvuu ndi udzudzu wosaŵerengeka. Pa mathiriro a Ruo ameneŵa padali chilumba chotchedwa Malo. Pa chilumba chimenechi ndi pamene adamwalirira Charles Frederick Mackenzie, bishopu woyamba wa mpingo wa Angilikani m'dziko lino, m'chaka cha 1862. Iye adapita kumeneko kukachingamira amai aŵiri amene ankabwera kudzaphunzitsa akazi ndi atsikana oomboledwa ku ukapolo.

Ubwana ndi maphunziro ake

Mackenzie adabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore, m'dziko la Scotland. Iye adali mzime m'banja la ana ambiri. Atate ake adamwalira iye ali ndi zaka zisanu zokha, ndipo amene adathandiza kwambiri kumlera ndi kumphunzitsa adali mlongo wake wamkulu, Elizabeth. Chotero kuyambira ali wamng'ono adaona ndi maso ake m'mene mkazi wophunzira amachirikizira banja limene mzati wake wagwa.

M'chaka cha 1844 adaloŵa Yunivesite ya Cambridge ku England. Kumeneko adatchuka pa masamu, kotero kuti pa mayeso otsiriza a mu 1848 adakhala wachiŵiri pa ophunzira masamu onse. Adapatsidwa ntchito yophunzitsa pa koleji ya Caius, ndipo mu 1852 adadzozedwa unsembe. Ngakhale adali wophunzira kwambiri, sadali munthu wodzikuza. Pa nthaŵi yake yopuma ankayendera odwala m'chipatala ndi kuphunzitsa ana Sande sukulu.

Mu 1855 adasiya ntchito yake yabwinoyo napita ku Natal, ku South Africa, kukathandiza Bishopu John Colenso. Mlongo wake wina, dzina lake Anne, adatsagana naye. Anne adali wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa khumi, ndiponso adali wodwaladwala, koma adali wolimba mtima. Aŵiriŵa adagwira ntchito limodzi ku Natal zaka zinai, Charles akulalikira, Anne akuthandiza kuphunzitsa ana.

Kuitanidwa ku Shire

Pa 4 Disembala 1857 Dokotala David Livingstone adalankhula ku Cambridge. Adafotokoza za kuipa kwa malonda a akapolo, napempha kuti anthu ophunzira apite pakati pa Africa kukafalitsa Chikhristu ndi kuyambitsa malonda abwino. Mau ake adagwira mtima anthu ambiri, ndipo padabadwa bungwe limene pambuyo pake lidadziŵika ndi dzina lakuti Universities' Mission to Central Africa, kapena mwachidule UMCA. Bungweli silidali la boma ai. Ndalama zake zinkachokera ku zopereka za aphunzitsi ndi ophunzira a ku Oxford, Cambridge, Dublin ndi Durham, ndiponso kwa Akhristu wamba m'matchalitchi.

Mackenzie atabwerera ku England mu 1859, adasankhidwa kuti atsogolere mishoni yatsopanoyo. Adayendayenda m'mizinda kupempha thandizo, ndipo mu Okutobala 1860 adanyamuka. Pa 1 Januwale 1861 adadzozedwa ubishopu mu tchalitchi chachikulu cha St George ku Cape Town.

Iye ndi anzake adakwera sitima ya Livingstone yotchedwa Pioneer. Poyamba adayesa kukwera mtsinje wa Rovuma, koma madzi ake adali ochepa, motero adabwerera nakaloŵera ku Zambezi ndi kukwera Shire. Sitimayo inkatitimira pa mchenga kaŵirikaŵiri, ndipo bishopuyo ankakoka nao zingwe pamodzi ndi amalinyero. Adapitirira pa mathiriro a Ruo, adabzola dambo la Elephant Marsh, ndipo mu Julayi 1861 adafika pa mudzi wa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Kuchokera apo adayamba ulendo wapansi wokwera mapiri. Mackenzie adanyamula ndodo yake yaubishopu ku dzanja lina, mfuti ku dzanja lina, ndi thumba la mbeu kumsana.

Akapolo a pa mudzi wa Mbame

Masiku amenewo dziko la Amang'anja lidali pa mavuto aakulu. Magulu a Ayao, othamangitsidwa kwao kuvuma ndi nkhondo ndiponso njala, ankaloŵa m'dera la mapiri a Shire, ndipo ndeu zinkabuka. Amalonda ochokera ku Tete adapezerapo mwai wogula anthu ndi nsalu ndi mikanda. Ogulitsa anthuwo sadali a mtundu umodzi wokha. Mafumu ena a Amang'anja naonso ankagulitsa anthu ao.

Amene ankagulitsidwa msanga adali ana amasiye ndi akazi opanda abale. Pa mwambo wa Amang'anja, mtsikana amatetezedwa ndi mwini mbumba, ndiye kuti malume ake kapena mlongo wake wamkulu. Mtsikana wopanda mwini mbumba adalibe womlankhulira pa bwalo. Komanso amalondawo ankafuna kwambiri akazi ndi ana, chifukwa ankapita nao kumtunda kwa Zambezi kukaŵasinthanitsa ndi minyanga ya njovu.

Pa 16 Julayi 1861, apaulendowo akupumula pa mudzi wa Mbame, padatulukira mdipiti wa akapolo. Amuna adali m'magoli, ndipo akazi ndi ana adali omangidwa ndi zingwe. Oŵayendetsa aja ataona Livingstone ndi anthu ake, adathaŵira m'thengo. Pa nthaŵiyo Mackenzie adali atapita kukasamba ku mtsinje, ndipo pobwerera adapeza magoli akudulidwa. Tsiku limenelo anthu 84 adamasulidwa, ambiri mwa iwo akazi ndi ana. Atauzidwa kuti angathe kupita kulikonse kumene akufuna, ambiri adasankha kutsalira ndi amishoni, pakuti adalibe kolowera. Midzi yao idali itasanduka mabwinja.

Mudzi wa ku Magomero

Amishoniwo adakhazikika ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pa malo a mfumu Chigunda. Posakhalitsa chiŵerengero cha anthu oŵasamala chidapitirira 100. Apa ndi pamene Mackenzie adazindikira kuti kudula goli ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kulera munthu womasulidwayo ndi ntchito ya zaka zambiri. Mtsikana womasulidwa lero, akasiyidwa wopanda chakudya, pogona ndi womteteza, maŵa lake adzagwidwanso.

Tsiku ndi tsiku amishoni ankagula chimanga ndi nsalu kwa anthu a m'midzi yoyandikana, nkumagaŵira anthu ao. Ankatsuka zilonda za ana, pakuti ambiri adafika ali ndi zilonda zazikulu ndiponso ataonda ndi njala. Horace Waller ndiye ankayang'anira katundu ndi chakudya. Wansembe Henry Scudamore ankasamala anyamata, ndipo iwo adayamba kuphunzira malemba. Akazi aakulu ankasinja, kuphika ndi kulera ana aang'ono amene sadali ao owabereka.

Pakati pa anawo padali kamtsikana kotchedwa Daoma. Pa ulendo wina wobwerera ku Magomero pamodzi ndi anthu oomboledwa, kamtsikanaka kadalephera kuyenda chifukwa cha kuchepa ndi kutopa. Bishopuyo adakanyamula pa pheŵa mpaka kukafika nako ku mudzi. Anzake sadaiŵale chimene adachitachi, ndipo adachilemba m'mabuku ao.

Komabe padali chinthu chimodzi chosoŵa. Amishoni onse adali amuna, ndipo chinenero cha Amang'anja ankangochiphunzira kumene. Atsikana adalibe woŵalangiza ndi woŵaphunzitsa. N'chifukwa chake Mackenzie ankayembekezera ndi mtima wonse kubwera kwa mlongo wake Anne, ndi mkazi wa wansembe wina wachinyamata, Henry Burrup. Amai aŵiriŵa ndiwo adayenera kudzayamba ntchito yophunzitsa akazi ndi atsikana.

Kulakwa kwa bishopu

Munthu wa mtima wabwino nayenso amaphonya njira. Mafumu a Amang'anja adabwera ku Magomero kudzapempha amishoni kuti aŵathandize kumenyana ndi Ayao. Mackenzie adavomera, ataŵalumbiritsa kuti sadzagulitsanso anthu ndiponso kuti ogwidwa onse adzamasulidwa. Mu Ogasiti ndi mu Okutobala 1861 adatsogolera nkhondo, ndipo misasa ya Ayao idatenthedwa. Anthu ena adaomboledwa ndithu, koma nkhokwe za chakudya zidapsa, ndipo akazi ndi ana a Ayao naonso adasanduka osoŵa pogwira. Pambuyo pake amishoni adazindikira kuti Ayao ambiri adali othaŵa mavuto kwao, ndiponso kuti mafumu ena sadasunge lumbiro lao. Mbiri ya nkhondozi itamveka ku England, anthu ambiri opereka ndalama ku mishoni adakhumudwa nadzudzula bishopuyo.

Ulendo wotsiriza

Mackenzie adapangana ndi Livingstone kuti adzakumane pa mathiriro a Ruo pa 1 Januwale 1862. Livingstone adayenera kutsikira ku nyanja yamchere kukatenga amai aja ndi kubwera nao pamenepo. Mu Disembala 1861 bishopuyo adatuma ansembe aŵiri, Procter ndi Scudamore, kukafufuza njira yachidule yopita ku Ruo. Iwo adachitidwa chipongwe pa mudzi wa mfumu Manasomba, ndipo ena mwa onyamula katundu ao adagwidwa. Mackenzie adapita kukatentha mudziwo. Zimenezi zidamtayitsa masiku ambiri, ndipo mvula idali itayamba, mitsinje itadzaza.

Kumayambiriro kwa Januwale iye ndi Burrup adatsikira kwa Chibisa atavumbwa ndi mvula ndiponso akudwala m'mimba. Kumeneko adakwera bwato pamodzi ndi Amakololo, anthu amene adabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi. Usiku wina, pothaŵa udzudzu, adapitiriza ulendo mu mdima, ndipo bwato lao lidagubuduzika. Anthu onse adapulumuka, koma mankhwala ao adaonongeka, kuphatikizapo kwinini, amene adali mankhwala okhawo odalirika a malungo.

Pa 11 Januwale adafika pa chilumba cha Malo, namva kuti Pioneer idali itangodutsa masiku ochepa apitawo ikutsikira ku nyanja. Sitimayo idachedwa chifukwa idatitimira pa mchenga milungu ingapo. Mackenzie akadatha kubwerera kwa Chibisa kukatenga mankhwala ena, koma adasankha kudikira mlongo wake pa chilumbapo. Patangopita masiku ochepa, malungo adamgwira. Mfumu ya pa chilumbacho, poopa kuti mlendo angafere m'nyumba yake ndi kuiipitsa, idapempha kuti wodwalayo asamutsidwire m'kanyumba kena. M'menemo ndi m'mene adamwalirira pa 31 Januwale 1862, ali ndi zaka 36.

Madzulo a tsiku lomwelo Amakololo adaolotsa mtembo wake kupita ku mtunda, nakumba manda pansi pa mtengo. Burrup, amene nayenso adali wodwala kwambiri, adachita mapemphero a maliro mdima ukugwa. Atatero adabwerera ku Magomero, kumene adamwalira pa 22 Febuluwale.

Masiku omwewo Anne Mackenzie ndi mkazi wa Burrup adali atafika pa mathiriro a Zambezi. Adakwera Shire pa boti, akuperekezedwa ndi Kaputeni Wilson ndi Dokotala John Kirk. Adadutsa pa Ruo osadziŵa kuti apitirira manda a bishopu. Uthenga wa imfa adakaumvera kwa Chibisa mu Malichi 1862. Amai aŵiriŵa adabwerera ndi misozi, ndipo sukulu ya atsikana ya ku Magomero sidatsegulidwe.

Amene adatola ntchitoyo

Chaka chomwecho amishoni otsala adasamuka ku Magomero nakakhala kwa Chibisa pamodzi ndi anthu ao. Mu 1862 ndi 1863 mvula idakana, ndipo m'chigwa cha Shire mudagwa njala yoopsa. Anthu adafa ambirimbiri, mitembo nkumayandama pa mtsinje. Scudamore adamwalira pa 1 Januwale 1863, ndipo Dokotala Dickinson, sing'anga wa mishoni, adamtsatira mu Malichi.

Bishopu watsopano, William Tozer, adafika mu Juni 1863. Iye adaganiza zosamutsira mishoni ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 adapita nayo ku Zanzibar. Tozer sadafune kutenga akazi ndi atsikana amasiye. Waller adakana kuŵasiya, podziŵa kuti akangotsala okha adzafa ndi njala kapena adzagwidwanso ukapolo. Chotero adapatukana ndi bishopu watsopanoyo, nayamba kuŵasamala yekha. Mu 1864, mothandizidwa ndi Livingstone, adatsika nao mtsinje, ndipo adakafika nao ku Cape Town. Anyamata aŵiri, Chuma ndi Wekotani, adapita ndi Livingstone ku India. Chuma ameneyu ndiye uja adathandiza kunyamula mtembo wa Livingstone kupita nao ku gombe la nyanja mu 1873.

Daoma adali mmodzi wa ana amene adapita ku Cape Town. Adalandiridwa pa nyumba ya ana amasiye ya St George, imene Mai Mary Arthur ankaiyang'anira ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino. Kumeneko adabatizidwa dzina lakuti Anne, adaphunzira sukulu, ndipo atakula adakhala mphunzitsi wa ana aang'ono pa malo omwewo. Ntchito imeneyi adaigwira zaka zambiri. Mwana amene adanyamulidwa pa pheŵa chifukwa cholephera kuyenda ndiye adadzakhala wogwira dzanja ana ena amasiye poyamba kulemba.

Anne Mackenzie naye sadafooke. Atabwerera ku Britain, adayamba mu 1866 kutulutsa kamagazini kotchedwa The Net, kofotokoza ntchito za amishoni ndi kupempha thandizo. Ndalama zimene adasonkhanitsa pokumbukira mlongo wake zidathandiza kukhazikitsa ubishopu wa ku Zululand mu 1870. Adatumizanso mtanda wachitsulo, umene E. D. Young adakauzika pa manda a Mackenzie mu 1875. Anne adamwalira mu 1877. Bungwe la UMCA lidabwereranso m'dziko lino, nakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885, ndipo kumeneko atsikana adayamba kuphunzira sukulu. Ku Malindi, m'boma la Mangochi, mpingo wa Angilikani udadzatsegula sukulu ya sekondale ya atsikana ya St Michael. Ku Lilongwe kuli sukulu yotchedwa dzina la Bishopu Mackenzie.

Chimene tikuphunzirapo

Magoli adatha kalekale m'Malaŵi, koma zinthu zimene zimaika mtsikana pa ngozi zikadalipo: umasiye, umphaŵi ndi njala. M'chigwa cha Shire madzi amasefukira kaŵirikaŵiri. Mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023 mabanja ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa adataya nyumba ndi mbeu zao, ndipo ena adathaŵira m'misasa ya ku Bangula. Banja likasauka chotero, kaŵirikaŵiri woyamba kusiyitsidwa sukulu amakhala mwana wamkazi, ndipo ena amakwatiwitsidwa akali aang'ono.

Boma lidachotsa malipiro a sukulu za pulayimale mu 1994. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lakuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi lamuloli. Koma lamulo palokha siligula kope, yunifolomu kapena chakudya. N'chifukwa chake mipingo, mabungwe, mafumu ndi makolo amagwirana manja kulipirira atsikana osauka maphunziro a ku sekondale, kuŵamangira malo ogona pa sukulu, ndi kubwezera ku sukulu amene adasiyira panjira.

Mackenzie adakhala m'dziko lino miyezi isanu ndi iŵiri yokha, ndipo adalakwitsa zinthu zina zazikulu. Sukulu imene ankailakalaka sadaione. Koma Waller, Anne Mackenzie ndi Mary Arthur, aliyense pa mbali yake, adapitiriza chimene iye adayamba, mpaka Daoma adaima payekha nayamba kuthandiza ena. Thandizo lenileni kwa mtsikana wovutika ndi limene limamperekeza kufikira atatha kudzidalira. Akuluakulu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso

1. Kodi ndi mitsinje iti imene imakumana ku Chiromo?
2. Kodi bungwe la UMCA linkapeza kuti ndalama zake?
3. Chifukwa chiyani ana amasiye ndi akazi opanda abale ndiwo ankagulitsidwa msanga?
4. Tchulani chinthu chimene Mackenzie adalakwitsa, ndipo fotokozani zotsatira zake.
5. Kodi Mackenzie adapitiranji ku chilumba cha Malo?
6. Fotokozani mwachidule moyo wa Daoma.
7. Kodi anthu a m'mudzi mwanu angachitenji kuti atsikana amasiye apitirize sukulu?